Thabwa lokalamba pa tebulo la nkhondo: viniga, penti wamba, timabotolo takunja kapena penti wa mafuta?

Mlatho woyamba umene ndinapangira asilikali anga a 28mm, tidole tating'ono toseweretsa masewera a nkhondo pa tebulo, ndinaupaka bulauni wa chokoleti, poti kuyambira ku sukulu timadziwa kuti thabwa ndi la bulauni. Amalume anga, amene akhala akupala matabwa ku Kalingalinga kuyambira ndili mwana, anautembenuza m'manja mwawo kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, ntchito wagwira, koma thabwa ili silinagonepo panja." Ananditengera kuseri kwa shedi yawo n'kundionetsa benchi limene lapsa ndi dzuwa ndi kuvumbwa ndi mvula zaka zambiri. Linali lotuwa ngati phulusa la m'mbaula, m'ming'alu muli bii, ndipo pansi pa msomali uliwonse panali kamzere ka dzimbiri kotsetsereka ngati msozi.

Kutuwako kuli ndi chifukwa chake. Dzuwa limawononga lignin, chinthu chimene chimamata ulusi wa mtengo pamodzi, mvula n'kukokolola zowonongekazo. Pamwamba pamatsala ulusi wotuwa, wotukuka pang'ono, umene nguwi imaudetsa apa ndi apo. Kuno ku Lusaka tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa lake ndi loswa mtengo, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula imathovukira dothi lofiira m'munsi mwa chilichonse choimikidwa pansi. Mukadutsa pa kantemba ka tomato m'komboni, kapena pa milu ya matabwa ku Buseko, imani pang'ono muyang'ane. Kumwamba n'kotuwa mbuu, m'munsi n'kofiirira, ndipo palibe matabwa awiri ofanana mtundu. Njira zonse zimene ndiyerekeze pano zikulondola chithunzi chimenecho.

Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Funso lalikulu kuposa onse ndi lakuti pansi pa pentiyo pali chiyani. Nyumba, mipanda ndi milatho ya pa tebulo imapangidwa ndi zinthu zinayi: mtengo weniweni, monga balsa (mtengo wofewa wopepuka kwambiri), machesi, timitengo totakasira khofi kapena ta ayisikilimu, MDF (thabwa lopangidwa ndi ulusi wa mitengo wopanikizidwa pamodzi) yodulidwa ndi makina a laser, pulasitiki wa m'mabokosi ogula, ndi polystyrene, thovu louma lija lobwera m'makatoni a firiji, limene ena amalilemba mizere kuti lioneke ngati matabwa. Njira imene imakongoletsa chimodzi ikhoza kuwononga chinzake pa mphindi imodzi.

Lachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito. Masewera ambiri, kuphatikiza Bolt Action, amaseweredwa pa tebulo la mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Kudzaza malo amenewo ndi mipanda ndi tinyumba si chimodzimodzi ndi kupenta chitseko chimodzi. Lachitatu, zinthu izi si zoika m'kabati: zimagwidwa ndi manja a thukuta, madayisi amazimenya, ndipo zimakwera minibasi m'katoni kupita kwa mnzanu ku Chilenje.

Pa njira iliyonse ndinena za ndalama, kupezeka kwa zipangizo, kusamalira, ndi zoopsa zake. Ndalamazo ndiziyerekeza njira ndi njira, chifukwa zinthu zakunja zimakwera ndi kutsika limodzi ndi dola.

Pali kanthu kena kamene penti aliyense sangakonze. Msilikali wa 28mm ndi wocheperako pafupifupi ka 56 poyerekeza ndi munthu. Ndiye kamtengo ka ayisikilimu ka mamilimita 10 kakuimira thabwa lotambalala masentimita 56, limene amalume sanalionepo pa mpanda wa munthu. Kang'ambeni pakati, kapena patatu. Thabwa la mamilimita 4 ndilo limaoneka loona, ndipo kamtengo ka machesi kamakwana bwino kukhala nsanamira. Mukatero, kandani thabwa lililonse ndi burashi ya waya motsata ulusi wake, mudule nsonga mosalingana. Popanda timing'alu timeneti, mtundu ulibe pokhala.

Njira yoyamba: viniga ndi sitiliwulu

Iyi si penti. Ndi kukalambitsa thabwa lenilenilo. Tengani sitiliwulu wofewa wokwechera mapoto, mumutsuke kuti mafuta achoke, mumudule tizidutswa n'kuika m'botolo lagalasi, kenako muthire viniga woyera mpaka chitsulocho chimire. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, viniga amakhala atadya chitsulo china n'kupanga mankhwala otchedwa iron acetate. Sefani ndi kansalu. Madziwo amaoneka opanda mphamvu, koma akakumana ndi tannin, mankhwala achilengedwe opezeka m'thabwa, amalisandutsa lotuwa inu mukuona, pamene likuuma. Balsa, paini ndi timitengo ta khofi zili ndi tannin wochepa, choncho yambani mwazipaka tiyi wakuda wamphamvu, wopanda mkaka kapena shuga, ziume, ndiye mupake vinigayo. Tiyi akachuluka mtundu umadera, akachepa umatuwira.

Chimene ndimaikondera njira iyi n'chakuti kamtengo kalikonse kamamwa mwakemwake. Mukaviika timitengo 50 nthawi imodzi, timatuluka mitundu yosiyanasiyana popanda inu kuvutika, kusiyana komwe kuja kwa pa kantemba. Ndi burashi mungathe masiku kuti mufike pamenepo.

Ndalama: palibe njira ina yotsika kuposa iyi. Botolo limodzi la viniga lingakalambitse mipanda ya matebulo angapo.

Kupezeka: zonse zili m'khitchini kapena pa shopu ya pafupi. Chovuta ndi matabwa ake. Balsa samera kuno, wambiri amachokera ku Ecuador, ndiye ambiri a ife timadalira timitengo ta khofi ndi ta ayisikilimu, kapena timapempha tizidutswa ta paini kwa akalipentala n'kung'amba tokha. Samalani pogula sitiliwulu: wonyezimira uja wosachita dzimbiri sagwira ntchito, ndipo wokhala ndi sopo m'kati amasokoneza madziwo.

Kusamalira: mtundu umakhala m'kati mwa thabwa, sungasupuke ngakhale madayisi amenye motani. Thabwa likathyoka mumangodontheza madziwo pa bala lake. Madzi otsala m'botolo amasintha akamakhalitsa, amayamba kupereka bulauni wa dzimbiri m'malo mwa kutuwa, ndiye ndi bwino kupanga pang'onopang'ono ndi kuyesa kaye pa kachidutswa tsiku lililonse musanapake.

Zoopsa: musatseke botolo pamene chitsulo chikusungunuka, chifukwa chimatulutsa mpweya wa hydrogen, vundikirani ndi nsalu basi, kutali ndi moto ndi ana. Guluu ndiye mdani wamkulu. Paliponse pamene guluu wa matabwa wakhudza, thabwa silimwa, pamatsala banga loyera, kotero kalambitsani matabwa musanamange. Thabwa lopyapyala likanyowa mbali imodzi limapindika. Nyowetsani mbali zonse, liumire pansi pa njerwa. Mitengo yolimba ikhoza kuda kwambiri kuposa mmene mumafunira. Pa pulasitiki ndi polystyrene njira iyi siichita kalikonse, ndipo MDF imangofufuma m'mphepete. Madziwo amadetsanso zala, malaya ndi simenti ya pakhonde.

Njira yachiwiri: akiriliki wamba ndi burashi youma

Apa ndi pamene ambiri a ife timakhazikika, ndipo m'pake. Mumayamba ndi mtundu wakuda wosakaniza bulauni ndi kutuwa, wophimba chilichonse. Pamwamba pake mumapaka wotuwa wapakati, koma osati mtundu umodzi mpanda wonse: thabwa ili muonjezere kabulauni, linzake kachikasu, lina mulisiye loderako. Kenako mumathira wash, penti wosungunulidwa kwambiri ndi madzi, wokhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti athamangire m'ming'alu m'malo mokhala madontho pamwamba. Zikauma gwa, mumatenga burashi yakale yolimba, kuinyika m'penti wotuwa woyererako, kuipukuta pa katoni mpaka ioneke ngati yatheratu, n'kusesa nayo modutsa ulusi wa thabwa. Kumeneku ndiko anzathu amati drybrush. Modutsa ulusi, osati motsata, apo ayi penti amalowa m'ming'alu momwe munafuna mdima.

Musagwiritse ntchito woyera weniweni pomaliza. Amaoneka ngati ufa wothiridwa pa mpanda. Sakanizani ndi kachikasu pang'ono kuti afanane ndi fupa louma. Timizere ta dzimbiri pansi pa misomali ndi kufiirira kwa m'munsi mumaika pamapeto ndi burashi yaing'ono, mosawirikiza.

Ndalama: zapakati, koma zotsika mukayerekeza ndi malo amene mumapaka. Machubu anayi akukwanirani: wakuda, woyera, burnt umber (bulauni woderako) ndi yellow ochre (wachikasu ngati dothi). Pa mtundu woyamba wapansi, penti wa madzi wa m'nyumba, amene m'mahadiweya amati PVA, wotsala kwa a neba amene angopenta kumene, amagwira bwino lomwe.

Kupezeka: m'masitolo a zolembera ndi zojambulira, ku Kamwala, m'tauni cha ku Cairo Road ndi Freedom Way, kapena m'mamolo monga Manda Hill ndi East Park. Werengani pa chubu. Penti wa ana a sukulu wotchedwa poster kapena watercolour amasungunukanso akanyowa, ndipo wash wanu adzamukokolola yense.

Kusamalira: akiriliki akauma salowa madzi, koma m'makona amapalika. Vanishi wosawala amateteza. Pokonza pamene pasupuka, vuto ndi kupezanso mtundu umene munasakaniza chaka chatha. Ine ndimapaka kadontho ka mtundu uliwonse kunsi kwa nyumbayo n'kulemba ndi pensulo zimene ndinasakaniza.

Zoopsa: zochepa pa thanzi, zambiri pa nthawi. Mu Okutobala penti amauma pa burashi musanafike pa thabwa lachitatu, ndiye ikani pentiyo pa pepala lophikira makeke loyalidwa pa kansalu konyowa, kapena pentani m'mawa kusanatenthe. MDF ndi yosalala, ilibe ulusi, ndipo burashi youma ilibe chogwira ngati simunaikande kaye ndi mpeni. Pokanda valani chotchinga mphuno, fumbi lake si labwino kupuma. Muimatenso ndi guluu wosungunula musanapente kuti isamwe madzi. Pa pulasitiki wosalala akiriliki wamba amaterereka ngati simunaike primer, penti wapansi wothandiza kuti winayo agwire. Ndipo musapope penti kapena vanishi wa m'chitini pa polystyrene wosamatidwa: amanyenyeka pomwepo. Vanishi wopopa tsiku la chinyezi, monga mu Januwale mvula itangokata, akhoza kusiya chifunga choyera pa ntchito yonse.

Njira yachitatu: timabotolo ta akatswiri tochokera kunja

Awa ndi mapenti opangidwira tidole ta asilikali: Citadel wa kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, Vallejo wa ku Spain, Army Painter wa ku Denmark. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amatchula mayina amenewa ngati kuti popanda iwo thabwa silingakalambe. Penti wake ndi wabwinodi, sindikana. Ndi wosalala, saphimba timizere tating'ono, ndipo kawirikawiri mtundu wa botolo la lero ndi womwewo wa botolo la chaka chamawa. Agrax Earthshade, wash wabulauni wa Citadel, amalowa m'ming'alu mwaukhondo kuposa wash aliyense amene ndinapangapo ndi sopo. Vallejo ali ndi mtundu wotchedwa Old Wood. Mapenti a Citadel otchedwa Contrast, amene anatuluka mu 2019, amapereka mdima ndi kuwala pa kupaka kamodzi ngati pansi pali poyera ndipo pulasitikiyo ili ndi mizere yozama.

Ndalama: apa ndiye pamapweteka. Kabotolo wamba ka Citadel ndi mamililita 12, ka Vallejo 17 kapena 18. Penti wotereyu anapangidwira nkhope ndi malamba a asilikali. Nyumba imodzi ya MDF kapena ya balsa imamwa gawo lalikulu la kabotolo, ndipo pamwamba pa mtengo wogulira pali ndalama yotumizira ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko.

Kupezeka: ambiri timaitanitsa pa intaneti kuchokera ku South Africa kapena ku UK, kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg. Zikutanthauza kudikira. Mtundu ukatha mpanda uli pakati, ntchito imaima milungu. Zitini zopopa ndiye zovutirapo, popeza makampani otumiza katundu pa ndege kawirikawiri sazilandira.

Kusamalira: timabotolo ta chivundikiro chotukula timauma msanga m'nyengo yotentha ngati penti waumira m'mphepete mwa chivundikiro; todontheza timakhalitsa. Sungani m'kabati, kutali ndi zenera. Contrast ndi wopyapyala, amafufutika ndi zala, ndiye vanishi ndi wofunika ndithu.

Zoopsa: wash wosakhutchumula bwino amauma monyezimira, pamene thabwa lakale siliwala. Pa malo aakulu osalala Contrast amasiya mabanga ngati madzi oumira pa galasi. Ndiponso mitundu yambiri yogulitsidwa ndi dzina la thabwa imapendekera ku bulauni, ndipo ingakubwezereni ku mlatho wanga wa chokoleti ngati simuonjezera kutuwa. Mangani kabotolo ka wash pa tebulo ndi chomatira chilichonse musanakatsegule. N'katali, sikachedwa kugwa.

Njira yachinayi: wash wa penti wa mafuta

Iyi siiyenda yokha, imakhala pamwamba pa akiriliki wouma. Mumafinya kanyemba ka penti wa mafuta wa ojambula zithunzi, wabulauni wotchedwa raw umber wosakaniza ndi wakuda pang'ono, kumusungunula ndi white spirit kapena mineral turpentine, n'kupaka thabwa lonse. Pakapita kanthawi mumapukuta pamwamba ndi kansalu, mdima n'kutsala m'ming'alu mokha. Ubwino wake ndi nthawi: sauma msanga, ndiye mungathe kukoka timizere ta madzi a mvula ndi dzimbiri, kufufuta, kuyambiranso, mpaka mutakhutira. Pa zitseko ndi makoma a pulasitiki sindinaone njira ina yopereka kuzama kotere.

Ndalama: poyamba mumalipirako, koma chubu chimodzi chimakhala zaka. Pa nthawi yaitali ndi yotsika kuposa timabotolo takunja.

Kupezeka: turpentine ali m'hadiweya iliyonse. Machubu a mafuta funani kumene ojambula zithunzi amagula zipangizo zawo. Penti wa mafuta wonyezimira wopaka zitseko za nyumba si yemweyu, musamugwiritse ntchito.

Kusamalira: dikirani tsiku lathunthu kapena awiri, nthawi ya mvula kupitirirapo, musanapake vanishi. M'miyezi ya mphepo, Ogasiti ndi Seputembala, fumbi limamatirira pa penti wosauma, ndiye vundikirani ndi katoni. Maburashi ake akhale akeake.

Zoopsa: izi n'zenizeni. Turpentine amayaka, ndipo fungo lake limazunguza mutu m'chipinda chotseka. Malaiti akapita, musapitirize ntchito ndi kandulo kapena pafupi ndi mbaula. Tinsalu tonyowa ndi mafuta muyanike panja moyala, osati kuunjika m'bini, chifukwa tikhoza kutentha tokha. Pa polystyrene, kabowo kamodzi kosamatidwa n'kokwanira kuti khoma lidyeke m'kati. Ngati mumakhala chipinda chimodzi ndi ana aang'ono, ndingakonde kuti njira iyi muisiye kaye.

Ufa wa makala, phulusa ndi dothi

Izi n'zomalizira chabe, si njira yoima payokha. Makala opera, choko chamitundu cha ojambula, kapena dothi lofiira louma losefa bwino, mumazipaka ndi burashi yofewa m'munsi mwa mpanda ndi pamwamba pa khomo pamene utsi umatulukira. Ndalama palibe, ndipo zili pabwalo panu. Vuto n'lakuti zimachoka ndi chala choyamba chimene chagwira, pomwe vanishi amazizimiritsa mpaka theka la ntchito osaonekanso. Sakanizani ndi guluu wosungunula ngati chinthucho n'choseweretsa. Za airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, sindinena zambiri: imafuna magetsi, imadula, ndipo imapaka mosalala, pamene thabwa lakale n'lokhakhala.

Nanga inuyo musankhe iti?

Ngati mukumanga nokha ndi timitengo ndipo mukufuna kudzaza tebulo lonse ndi mipanda, makola ndi matabwa a m'ngalande za asilikali, tengani viniga. Kalambitsani timitengo tonse Loweruka, mumange Lamlungu, kenako musese pang'ono ndi burashi youma pa nsonga zokha.

Ngati muli ndi nyumba za MDF kapena makoma a polystyrene, akiriliki wamba ndiye wanu. Kandani, matani ndi guluu, ndiye mupente. Ndiyonso njira imene ndingapatse munthu wongoyamba kumene, kapena kholo lofuna kupenta limodzi ndi mwana wake, chifukwa cholakwika chilichonse chimaphimbika ndi penti wina.

Ngati munagula bokosi la pulasitiki la masewera a Warhammer lokhala ndi mizere yosemedwa bwino, ndipo timabotolo muli nato kale topentera asilikali, gwiritsani ntchito pa zitseko, migolo ndi mabokosi ang'onoang'ono. Makoma aakulu apatseni akiriliki wamba. Pa mtunda umene munthu amaima posewera, kusiyana kwake sikuoneka, ndipo Agrax wanu adzatsalira asilikali.

Ngati n'chinthu chimodzi chimene chidzakhale pakati pa tebulo, tchalitchi chakugwa kapena mlatho umene nkhondo yonse ikulimbirana, ndipo muli ndi khonde lopita mphepo ndi sabata yodikira, pakani akiriliki kenako wash wa mafuta. Masewera akakhala mawa m'mawa, mafutawo asiyeni, pangani wash wa sopo. Mlatho wanga uja sindinauphwasule: guluu anali paliponse, viniga sakanalowa, ndiye ndinaupakanso ndi akiriliki wotuwa, mafuta m'ming'alu, ndi dothi lofiira la kuseri kwa shedi ya amalume m'munsi mwa nsanamira zake zinayi.